Kamera yomwe inajambula bambo anga inapangidwa iwo atamwalira kale

Aphungu,

Ndithandizeni, chifukwa ndameza chinthu chimene chandiima pakhosi. Kuchilavula ndikulephera, kuchitsitsa ndikulepheranso, ndipo masiku akutha.

Ndine mtsikana wa zaka 28, mwana m'modzi yekha mwa mayi anga. Ndimagwira ntchito pa shopu yogula, kukonza ndi kugulitsa makamera ogwiritsidwapo kale ntchito. Shopu yake ndi kachipinda kothinana pakati pa famase ndi malo ometera tsitsi, koti anthu atatu akalowa, wachinayi amadikira panja. Ntchito yanga yeniyeni ndi kudziwa msinkhu wa kamera. Munthu akabwera n'kunena kuti, "Iyi ndinagula chaka chathachi, sinagwire ntchito n'komwe," ine sindikangana naye. Ndimangoitembenuza n'kuwerenga nambala imene ili pansi pake. Kamera iliyonse ili ndi siriyo nambala yakeyake, ndipo pa mitundu ina manambala oyambirirawo amakuuza chaka ndi mwezi umene inatuluka m'fakitale. Kenako ndimaiyatsa n'kuona fimuweya, yomwe ndi pulogalamu imene imayendetsa kamera m'kati mwake. Kampani ikapeza vuto pa makamera ake imatulutsa fimuweya yatsopano, ndipo iliyonse imakhala ndi nambala yake komanso nthawi yodziwika imene inatuluka. Anthu amanama, Aphungu, amanama uku akumwetulira, koma pansi pa kamera sipadziwa kunama. Abwana anga amanditcha Wapolisi chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo dzinalo ndinkalinyadira mpaka mwezi uno.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 16. Ankagwira ntchito kunja, pa sitima yapamadzi yonyamula katundu, pamodzi ndi mng'ono wawo, bambo anga aang'ono. Tsiku lina bambo aang'onowo anafika okha ndi zikwama ziwiri. Anatiuza kuti kunachita namondwe, bambo anagwera m'nyanja, ndipo thupi silinapezeke. Anabweretsa zovala zawo, wotchi yawo ndi pepala lodindidwa sitampu limene palibe anaganiza zoliwerenga kawiri. Tinalira maliro opanda bokosi. Amene sanaonepo zimenezi asazione, chifukwa ulibe poyang'ana, umangolira uku ukuyang'ana khoma.

Mayi anga ndi telala. Anandilera ndi makina osokera, ndipo kwa zaka zambiri sankafuna kumva za mwamuna wina aliyense. Ndiye kunabwera bambo wina wamasiye amene amayendetsa basi ya ana asukulu. Anthu amawatcha a Pang'onopang'ono chifukwa ngakhale njinga yakapalasa imawapitirira pamsewu. Kufunsira kwawonso kunali kotero. Anayamba n'kubweretsa mathalauza oti awapinde m'munsi, lero imodzi, sabata yamawa ina, mpaka tinazindikira kuti munthu m'modzi sangakhale ndi mathalauza ochuluka chonchi, ena ankachita kubwereka kwa anzawo. Zinawatengera zaka kuti atsegule pakamwa. Ndi munthu wabwino, ndipo ine ndimawakonda. Ukwati wawo ndi mayi uchitika kumapeto kwa mwezi wamawa. Diresi mayi akusoka okha, ndipo masiku ano amaimba akamapalasa makina, zimene sindinazimve chichokereni ubwana wanga.

Nkhani yonse yayambira pa chithunzi. Pabalaza pathu pali chithunzi cha bambo chimene tinachita kukulitsa kuchokera pa kachithunzi ka pachiphaso, ndipo chafwifwa moti nkhope imangooneka ngati utsi. Mayi anandiuza kuti sakufuna kuti mwamuna watsopano azidya akuyang'anitsitsidwa ndi mwamuna wakale, komanso sakufuna kuwaponya bambo m'sutikesi. Anaganiza kuti tipeze chithunzi chabwino, tichiike m'felemu, chikakhale kunyumba kwanga. Bambo aang'ono anali pomwepo, ndipo anati ali nacho chimodzi chokongola chimene anajambula okha padoko, kutatsala mwezi umodzi kuti ngozi ichitike. Ankafuna kunditumizira pa foni, koma ine ndi ukatswiri wangawu ndinakana. Ndinawauza kuti chithunzi chikadutsa pa foni chimaphwanyika, andibweretsere chenicheni pa fulashi. Ndikanadziwa ndikanangotseka pakamwa panga.

Mwina simudziwa, Aphungu, kuti chithunzi chochokera mu kamera chimanyamula mbiri yake mobisika. M'kati mwa fayilo mumalembedwa mtundu wa kamera, tsiku, fimuweya, ndipo makamera ambiri amalembamonso siriyo nambala yawo. Chikatumizidwa kudzera pa mapulogalamu ochezera a pa foni, zambiri mwa izi zimafufutika. Chikabwera pa fulashi zimakhalamo zonse. Ine dzanja langa linazolowera, fayilo iliyonse ndisanaisindikize ndimatsegula kaye mbiriyo, ngati mmene wogula nsalu amaikhudzira asanafunse mtengo. Sindinkafufuza kalikonse. Ndinali kumwa tiyi.

Tsiku lolembedwamo linali 1 Januwale wa chaka china chakalekale. Zimenezo sizinandidabwitse, chifukwa makamera ambiri amene wotchi yake sinatcheredwe amalemba choncho, ndipo pa ntchito yathu tsiku sitilikhulupirira. Mtundu wa kameranso unali wabwinobwino, unalipo kale pamsika bambo ali moyo. Koma nditawerenga siriyo nambala ndinayamba ndaseka, poganiza kuti maso anga adumpha nambala imodzi. Ndinawerenganso, chala chili pasikirini. Kamera imeneyo inatuluka m'fakitale patapita zaka ziwiri chichitikireni maliro.

Ndinati mwina ndasokoneza kawerengedwe, pakuti nthawi zina kampani imasintha dongosolo la manambala. Ndiye ndinayang'ana fimuweya. Inali 1.31. Aphungu, fimuweya imeneyi ndimaidziwa ngati dzina langa. Makamera a mtundu umenewo anali ndi vuto lomaliza batire ngakhale atazimitsidwa, ndipo 1.31 inatuluka kudzathetsa vutolo m'chaka chimene ndinayamba ntchito pa shopu ino. Ndinaiika m'makamera ochuluka moti ndinkailota. Apo n'kuti patapita zaka zitatu tikuwatchula bambo kuti malemu. Kamera ikhoza kukhala yakale n'kulandira fimuweya yatsopano, izo zimachitika tsiku lililonse. Koma kamera singajambule ndi fimuweya imene sinapangidwe.

Tiyi uja ndinamutayira pamalisiti. Abwana ataona zimenezi anatseka chitseko cha shopu masana dzuwa likuswa mtengo, zimene sachita ngakhale kutagwa maliro. Nditawafotokozera anati, "Wapolisi, khala pansi kaye. Mwina munthuyo anangotenga chithunzi chakale cha papepala n'kuchijambulanso ndi kamera yatsopano. Timazionatu zimenezi." Mtima wanga unagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Tinachikulitsa pakompyuta mpaka diso limodzi linadzaza sikirini yonse. Chithunzi chojambulidwa kuchokera papepala chimadziwika, pamaoneka timadontho ta pepala, kunyezimira kwa kuwala, kapena kupindika pang'ono m'mbali. Ichi chinalibe chilichonse mwa zimenezo. Tsitsi lililonse la m'ndevu linkawerengeka, ndipo ndevuzo zinali ndi imvi. Bambo anga ananyamuka kunyumba ulendo womaliza alibe imvi ngakhale imodzi, ankachita kudzitama nazo. Pachifuwa pawo pankalendewera magalasi owerengera omangidwa pakachingwe, pamene ine sindinawaonepo atavala magalasi. Kumbuyo kwawo sikunali doko. Kunali kosaoneka bwino, koma ndinaona chingwe choyanikapo zovala, ndipo zovala zake zinali zazing'ono. Mwina apa ndikuona zimene mantha akundionetsa, sindikudziwa. Abwana anangovula chipewa chawo.

Mawa lake ndinapita kwa bambo aang'ono. Panopa ali ndi malo ogulitsira ndi kumata matayala m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinawapeza akumiza chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka. Ndinayesetsa kulankhula ngati nkhani yocheza. Ndinati, "Bambo, chithunzi chija n'chokongola. Kamera yake inali ya ndani?" Anayankha osadzutsa mutu kuti inali ya mnzawo wina wa pasitima, dzina analiiwala. Ndinafunsa kuti anajambula chaka chiti. Anati, "Ndinakuuza kale." Ndiye ndinawauza kuti kamerayo inapangidwa bambo atamwalira kale. Anasiya chubu chija chikuyandama, n'kupukuta manja pang'onopang'ono pa ovolosi, chala chimodzichimodzi. Kenako anati, "Iwe mwana, sindikiza chithunzicho basi. Mayi ako analira mokwanira. Ukufuna alirenso kachiwiri?" Ndinafunsa kuti, "Ali moyo?" Iwo anatembenuka n'kukalandira galimoto imene inali isanaime n'komwe.

Tsiku lotsatira anabwera ku shopu kudzatenga fulashi yawo. Ndinawapatsa. Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Wakopera?" Ndinati pa ntchito yathu timayamba n'kukopera. Anatsamira pakauntala mpaka ndinamva fungo la labala, ndipo analankhula motsitsa mawu kuti abwana asamve: "Uganize bwino. Pali anthu ena amene amathandiza banja lawo ali akufa kuposa ali moyo. Ukwati udutse kaye, kenako tidzakhala pansi." Munthu ameneyu ndi amene anandiperekeza tsiku loyamba ku sekondale, ndi amene anakhala m'malo mwa bambo pa chilichonse. Lero ndikamva njinga yamoto yawo ikuima panja, ndimayamba kufunafuna pobisala.

Mayi sakudziwa kanthu. Tsiku lililonse amafunsa za chithunzi, ine ndimanama kuti inki ya makina osindikizira yatha. Bodza limeneli lakalamba, posachedwa adzanena kuti akagula okha inkiyo. Loweruka lapitali anandiitana kuti ndikawathandize kuyeza diresi. Anaima pa kampando pakati pa chipinda chosokera, ine nditagwada pansi ndikubaya mapini m'mphepete mwa nsalu. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo ako akanakondwera, eti? Sanali munthu wansanje." Ndinathokoza Mulungu kuti m'kamwa mwanga munali mapini, chifukwa sindikudziwa chimene chikanatuluka.

Aphungu, ndagwira njakata. Ndikawauza mayi, ndiphwanya chinthu chokhacho chabwino chimene chawachitikira m'zaka zonsezi, ndipo a Pang'onopang'ono, amene sanalakwire munthu, adzapwetekera zinthu zosawakhudza. Ndikakhala chete, mayi akalumbira pamaso pa anthu kuti ndi amasiye pamene ine ndakhala pampando wakutsogolo ndikudziwa kuti mwina si zoona. Nanga tsiku lina bambo akadzagogoda pachitseko? Ndili ndi mkwiyo woti sindikudziwa kuti ndiuike pa ndani. Nthawi zina ndimafuna bambo akhale ali moyo, nthawi zina ndimafuna akhale anafadi, ndipo ndikaganiza chachiwirichi ndimachita manyazi. Kodi ndingakhulupirire manambala awiri mpaka kugwetsa nawo ukwati wa mayi anga? Ndidikire ukwati udutse monga akunenera bambo aang'ono? Ndiuzeni chochita, ine mutu waima.

F.N.
Wa pa shopu ya makamera

Mwana wanga F.N.,

Pepa kwambiri. Katundu amene wasenzayu si wa munthu m'modzi, ndipo wachita bwino kumutula penapake. Usachite manyazi ndi maganizo awiri amene akulimbana mumtima mwako. Munthu amene unamulira kwa zaka khumi ndi ziwiri akadzuka mwadzidzidzi pasikirini ali ndi imvi, palibe mwana amene angangokondwera basi.

Ndiyambe ndi manambala akowo, chifukwa ine za makamera ndimangodziwa kumwetulira akamandijambula. Ndinatengera kalata yako kwa mnzathu amene amajambula zithunzi kuno ku nyuzipepala, ndipo iye akuti kaganizidwe kako n'kolondola: tsiku la mu kamera aliyense akhoza kulisintha, koma chithunzi sichingakhale chakale kuposa kamera ndi fimuweya zimene zinachijambula. Anawonjezeranso kuti mbiri ya m'fayilo munthu wodziwa akhoza kuisintha, koma tonse tinafunsana kuti ndani angavutike kuisintha m'njira yodzipalamulira yekha mlandu. Choncho sindikuuza kuti ukulota. Ngakhale manambalawo atakhala kuti akukayikitsa, mayankho a bambo ako aang'ono sakukayikitsa. Munthu wosabisa kanthu akafunsidwa ngati mkulu wake ali moyo sathamangira kukalandira galimoto.

Koma tamvera bwino apa, Wapolisi. Manambalawo akukuuza chinthu chimodzi chokha, chakuti bambo ako anali moyo patapita zaka zitatu kapena kuposerapo kuchokera pamene munawalira. Sakukuuza kuti ali moyo lero. Sakukuuza chifukwa chimene sanabwerere, kaya anathawa, kaya anamangidwa, kaya anadwala, kaya anachita chinthu chimene anaopa kubwera nacho kwawo. Zovala zazing'ono zija zikhoza kukhala za mwana wawo, zikhozanso kukhala za mwana wa eni nyumba. Pa kauntala yako nambala ikalankhula nkhani imathera pomwepo, koma pano nambala yangotsegula chitseko. Usamange nyumba yonse pa chingwe choyanikira zovala.

Tsopano chochita. Fayilo ija isunge malo awiri osiyana, osaisintha dzina, osaidula, osaikongoletsa, ndipo malo amodzi asakhale ku shopu. Kenako ipereke kwa katswiri wina amene si bwana wako ndipo sakudziwa nkhaniyi. Usamuuze kuti pachithunzipo pali ndani, ungomufunsa kuti kamerayi ndi ya liti ndipo fimuweyayi inatuluka liti. Ngati kampani yopanga makamerawo ili ndi woiimira amene mumagulako zipangizo, mufunsenso za siriyo nambalayo. Sindikukayikira luso lako, koma dokotala sadzipima yekha, ndipo amene ali pachithunzipo ndi bambo ako. Zimenezi zisakutengere kupitirira sabata imodzi, pajatu zengerezu analinda kwawukwawu.

Ukatsimikiza, bwerera kwa bambo aang'ono, koma usapitenso wekha. Sindinakonde kutsamira kwawo pakauntala kuja. Tenga munthu wamkulu wakuchimayi, kaya amalume ako kaya mayi ako aakulu, munthu wosunga pakamwa amene mayi ako amamukhulupirira. Mukakumane nawo masana, pamalo poti mukhoza kukhala pansi, osati pakati pa matayala ndi makasitomala. Usakawanyoze. N'kutheka kuti bodza limeneli anachita kusenzetsedwa ndi mkulu wawo, ndipo zabwino zonse zimene anakuchitira zija zinali njira yawo yopepesera. Ndikuganizanso kuti munthu amene wabisa chinthu zaka zonsezi n'kudzapereka yekha chithunzi chotere, mwina mtima wake unatopa kale. Koma kutopa kwawo si chifukwa choti uwamvere. Uwauze mosapita m'mbali kuti mayi ako amva nkhaniyi ukwati usanachitike, ndipo asankhe okha ngati akanene ndi pakamwa pawo kapena unene ndiwe. Uwapatse masiku ochepa, otchulika, ndipo akadutsa usawonjezere. Akadzati tidikire ukwati udutse, uwafunse kuti kudikirako kukuteteza ndani.

Pakati pomwepo kaonane ndi loya kapena ofesi yolembetsa maukwati kwanuko, utatenga pepala lodindidwa sitampu lija ngati likadalipo. Kafunse kuti malamulo amati chiyani za munthu amene mwamuna wake ananenedwa kuti wamwalira koma thupi silinaoneke, ndiponso chimene chimachitika zikadziwika kuti anali moyo. Malamulo amasiyana malo ndi malo, ine sindingakulonjeze kanthu, koma nthawi zambiri pamakhala njira yoti munthu wosiyidwa zaka zambiri chonchi amasuke n'kukwatiwanso mwadongosolo. Ukapita kwa mayi ako utadziwa kale zimenezi, sukawapatsa bala lokha, ukawapatsanso poyambira. Mwina tsiku la ukwati lisuntha. Kusuntha tsiku n'kowawa, koma kuli bwino kusiyana ndi ukwati umene munthu wina akhoza kudzaugwetsa ndi kugogoda kumodzi.

Powauza mayi ako, sankha nthawi imene ali kunyumba, atakhala pansi, makina atatsekedwa, ndipo munthu wamkulu uja ali pafupi. Usayambe ndi maphunziro a fimuweya, iwo sadzamva ngakhale liwu limodzi. Uwauze mwachidule kuti chithunzi chija chinajambulidwa patapita zaka maliro atachitika, kuti watsimikiza, ndipo kuti sukudziwa ngati bambo ali moyo lero. Unene zimene ukudziwa, unenenso zimene sukudziwa, ndipo usasakanize ziwirizi. Chithunzicho usawakakamize kuchiona, adzachipempha okha akakonzeka. Akhoza kukukalipira, akhoza kukuuza kuti ukanangokhala chete. Upirire. Wobweretsa uthenga ndi amene amayamba kulandira mbama, koma mkwiyo umenewo sukhalitsa pa iye. Upepesenso za bodza la inki lija, kuti adziwe kuti m'nyumbamo muli munthu m'modzi amene wasiya kuwanamiza.

A Pang'onopang'ono usawauze ndiwe. Imeneyo ndi nkhani ya mayi ako ndi mwamuna amene akufuna kumanga naye banja, ndipo iwo ndi amene asankhe mawu ndi nthawi yake. Usawaderere bambo amenewo. Sukudziwa kuti adzalandira bwanji, inenso sindikudziwa, koma munthu wamasiye amadziwa kuti akufa sachoka m'nyumba mwaulemu. Ngati chikondi chawo chingagwe ndi choonadi chimene mayi ako sanachipange, kuli bwino chigwe asanavalane mphete.

Ndikuchenjeze zinthu ziwiri. Usaike chithunzicho pa intaneti n'kumafunsa dziko lonse ngati pali amene akumudziwa munthuyu. Nkhani idzafika kwa mayi ako kudzera kwa makasitomala awo iwe usanafike, ndipo kudzabwera akathyali amene adzakulonjeza kukupezera bambo ako. Komanso usanyamuke wekha kukawafunafuna uli ndi mkwiyo umenewu. Nthawi ya zimenezo idzafika ngati udzaifune, ndipo ukadzapita udzadziwe kuti sukukakumana ndi bambo amene unawalira uli ndi zaka 16. Ukakumana ndi munthu wina, amene ali ndi mafunso ambiri oti ayankhe.

Wandifunsa ngati ungagwetse ukwati wa mayi ako ndi manambala awiri. Si iwe ukuugwetsa, mwana wanga, ndipo mwina sugwa n'komwe. Khoswe wakhala pamkhate, n'zoona, n'chifukwa chake ndikuti uyende modekha, koma kuyenda modekha si kukhala chete. Mayi ako si mwana woti anthu azimubisira mankhwala m'chakudya. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo amuna awiri anakhala pansi kutali n'kwawo n'kuwasankhira moyo wa umasiye, osawafunsa. Ukasunga chinsinsichi mpaka ukwati udutse, udzakhala munthu wachitatu kuwasankhira moyo, ndipo tsiku limene adzadziwe, dzina limene lidzawapweteke kwambiri pa atatuwo ndi lako. Pita ukawauze, ulendo uno asankhe okha.

Aphungu